Amene Anawotcha Maluwa a Malemu

1. Kamtengo ka mumgolo

Nyumba za aphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi kwa Dzoole zinali zofanana zonse, koma nyumba ya a Gregorio munthu sankaisochera. Pakhonde pake panali mgolo wodula pakati, ndipo mumgolomo munali kamtengo ka rozi wachikasu.

Kamtengoko sikanali kakakulu. Kankalekeza m'mawondo mwa munthu wamkulu. Koma nthawi yake ikakwana, nthambi iliyonse inkasenza maluwa ambirimbiri othithikana ngati phava la nthochi, mpaka masamba osaoneka.

Anakabzala ndi a Anjelina, mkazi woyamba wa a Gregorio. Kanthambi kake anachita kupatsidwa ndi asisitere ena ku parishi. Popeza mphunzitsi sakhala pamodzimodzi, anakabzala mumgolo kuti lole yosamutsa katundu ikabwera, nako kazikwera nawo.

A Anjelina anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Alinafe, ali Sitandade 5. Kuchokera pamenepo a Gregorio ndiwo ankasamala kamtengoko. Anadulako nthambi zingapo, n'kuzibzala pabedi m'mbali mwa khoma, ndipo zinagwira.

Chaka chathachi a Gregorio anakwatiranso. Mkazi wawo watsopano anali a Elizabeti a ku Msakambewa, munthu wosayankhulayankhula. Tsopano anali oyembekezera. Alinafe sankadana nawo, koma sankawazolowera.

2. Malangizo a ababa

Sukulu zitatsekera, Alinafe atamaliza Fomu 1, abale a malemu ku Ntchisi anatumiza uthenga woti nthawi yomanga chiliza yakwana. A Gregorio anayenera kutsogolako kuti akaone za njerwa ndi amisiri.

M'mawa wa ulendo wawo anaitana Alinafe pakhonde. Timitu ta maluwa tinali titatuluka pansonga za nthambi, tobiriwira, tosatseguka.

“Mwana wanga, tamvera,” anatero a Gregorio. “Maluwa awa ndinawatengulira dala kuti adzatseguke nthawi ya chiliza. Ndikadzabwera kudzakutenga, tidzathyola n'kupanga nkhata ya pamanda a mayi ako. Sindikufuna nkhata ya mapepala yogula ku Mponela. Ndikufuna maluwa a manja awo.”

“Ndamva, ababa.”

“Usafulumire kunena kuti wamva. Dothi la mumgolo si la kudimba. Limauma msanga chifukwa chitsulo chimatentha ndi dzuwa, ndipo mizu ilibe kothawira. Uzithirira m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere. Madzi uzithira pansi, osati pamasamba, masamba angachite mawanga akuda. Pabedipo uziyamba wapisa chala m'dothi. Chikatuluka chouma, thirira. Udzu ndaphimbirawo usachotse. Ukaona nsabwe pansonga, uziphwanya ndi zala.”

Anaima pang'ono, n'kuloza chitseko cha kachipinda kosungiramo katundu.

“Chomaliza ndi ichi. Mmenemo muli feteleza wotsala chaka chatha. Usamuyandikire. Manyowa a mbuzi ndinathira kale, ndi okwanira. Duwa limeneli ndi laling'ono, silidya ngati chimanga. Ukalipatsa zambiri umalipha. Ana inu mumafuna chinthu chibale lero lomwe, koma kuthamanga sikufika. Ntchitoyi ndasiyira iwe chifukwa ndi maluwa a mayi ako. Amayi akowa asamasenze madzi, ukuona wekha mmene alili.”

“Musadandaule, ababa,” anatero Alinafe.

A Gregorio anakwera njinga yakabaza, n'kulunjika kumsewu.

3. Mpira wamanja

Masiku oyamba Alinafe anachita zonse monga anauzidwira. Kenaka mnzake Talandira anabwera ndi nkhani. Achinyamata a ku tchalitchi ankakonzekera mpikisano wa mpira wamanja, ndipo ankafuna wogoletsa wamtali.

“Tizikumana mmamawa kusanatenthe,” anatero Talandira. “Ukachedwa malo ako atenga wina.”

“Nanga maluwa?”

“Uzidzathirira madzulo. Kodi duwa limaona wotchi?”

Alinafe anaseka, n'kuvomera.

Madzulo ankabwera atatopa, miyendo ili yoyera ndi fumbi. Pamjigo pankakhala mzere wautali wa zidebe. Tsiku loyamba anati athirira mawa. Mawa lake anateronso.

Tsiku lina a Elizabeti anamuimitsa pakhomo.

“Alinafe, maluwa aja ayamba kuwerama. Ngati watanganidwa, ndikhoza kumathirako madzi otsala pophika.”

“Ababa anasiyira ine,” anayankha Alinafe mothamanga. “Maluwa a mayi anga musawakhudze.”

A Elizabeti anamuyang'ana, n'kulowa m'nyumba.

Mpikisano utatha, Alinafe anapita pakhonde kukaona bwinobwino. Masamba anali atafota, timitu ta maluwa titazyolika. Dothi la mumgolo linali litang'aluka, n'kusiyana ndi chitsulo. Ndipo a Gregorio anali ataimba foni kuti afika kumapeto kwa sabata.

Tsikulo a Elizabeti anali atapita kusikelo. Alinafe anatsegula kachipinda kaja. Thumba linali pakona, lomanga ndi luzi. Munali feteleza woyera mbuu, uja amati wobereketsa.

“Ngati amabereketsa chimanga, maluwa angamukanike?” anadziyankhulira.

Anatapa ndi manja awiri n'kukhuthula mumgolo. Anatapanso kawiri. Feteleza wina anamumwaza pabedi, patsinde penipeni pa kamtengo kalikonse. Anakwirira ndi dothi pang'ono kuti asaoneke, n'kuthirako madzi a m'jagi, popeza ena munalibe m'nyumba. Atatero anamanga thumba lija monga analipezera, n'kusamba m'manja.

4. Masamba apsa

M'mawa mwake maluwa sanadzuke. Tsiku linalo masamba anayamba kufiira m'mphepete ngati awauka ndi moto. Alinafe anathira madzi chidebe chimodzi, koma sizinasinthe. Pofika Loweruka timitu tija tinali titada, tina titayoyokera pansi.

M'mawa umenewo Alinafe anadzuka n'kupeza a Elizabeti atagwada pamgolo. Ankafukula dothi lapamwamba ndi manja, n'kumaika m'beseni. Dothilo linali ndi timibulu toyera.

“Tenga chidebe,” anatero osatembenuka. “Pakufunika madzi ambiri kuti mchere wake utsike, utuluke kunsi. Mwina mizu ina ikadali moyo.”

Sanamufunse kanthu. Alinafe anatenga chidebe, iwonso anatenga chawo. Anayenda ulendo wa kumjigo kangapo. A Elizabeti ankapumira m'njira, dzanja lili m'chiuno, thukuta likuyenderera m'khosi. Alinafe anafuna kuwauza kuti akhale pansi, koma anangosenza chidebe chake n'kupitirira.

Ali kumjigo ulendo wina, anamva njinga zamoto zikuima kunyumba. Anasenza chidebe n'kubwerera.

Pabwalo panali a Gregorio ndi a Manesi, akulu awo a malemu Anjelina, amene Alinafe ankawaitana kuti amayi aakulu. Anabwera limodzi kuti adzathandize kuluka nkhata. A Gregorio anaima patsogolo pa mgolo, chikwama chikadali paphewa. A Elizabeti anali atagwadanso pamgolopo, manja ali oyera ndi feteleza.

A Manesi ndiwo anayamba.

“Alamu, mukuona? Mukuona ndi maso anu? Tawapeza ali pantchito!”

“Ndimachotsa, mayi,” anatero a Elizabeti. “Sindimathira.”

“Mumachotsa! Wathira ndani kuti inu muzichotsa? Mbuzi? Ine ndinanena kalekale kuti nyumba imene mwalowa mkazi wina, chilichonse cha woyamba chimasanduka minga m'maso. Mng'ono wanga anasiya chiyani padziko pano? Mwana mmodzi ndi duwa ili. Munthu anagona kale, sakulimbirana nanu mwamuna, sakulimbirana nanu mbale. Duwa lokha lakupwetekani mutu? Mwadikira mpaka sabata ya chiliza kuti tikaime pamanda manja ali m'khosi? Lero mwawotcha duwa, mawa mudzawotcha chiyani? Mwanayu timusiye m'manja otere?”

Akazi a aphunzitsi ena anatuluka m'nyumba zawo, n'kuima chapatali.

5. Funso

A Gregorio anatsitsa chikwama. Anagwira tsamba limodzi, ndipo linafumbutuka m'zala zawo. Analowa m'kachipinda kaja, n'kutuluka ndi thumba la feteleza. Linali litachepa.

Anatembenukira kwa mwana wawo. Mawu awo anali otsika.

“Alinafe, ntchitoyi ndinasiyira iwe. Unkathirira?”

“Eya, ababa.”

“Fetelezayu ndinakuletsa. Unamukhudza?”

Alinafe anatula chidebe. Anayang'ana a Manesi, amene maso awo anali ofiira. Anayang'ana azimayi aja. Kenaka anayang'ana mapazi ake.

“Ayi.”

“Nanga wathira ndani?”

“Sindikudziwa, ababa. Ine ndimakhala kumpira.”

“Mwamva!” anakuwa a Manesi. “Mwana amakhala kumpira. Pakhomo pamatsala ndani?”

A Gregorio anayang'ana mkazi wawo.

“Elizabeti, uli ndi mawu?”

A Elizabeti anadzuka pang'onopang'ono atagwira mkombero wa mgolo. Anapukuta manja pachitenje.

“Ndanena kale kuti sindinathire. Ngati mawu anga sakukwana, ena ndilibe.”

“Ndiye m'nyumba muno muli anthu awiri, onse akukana,” anatero a Gregorio. Anakhala pakhonde, n'kugwira mutu ndi manja onse.

Kukhala chete kwawoko kunapweteka kuposa kukuwa kwa a Manesi. A Elizabeti anadikira kanthawi. Ataona kuti amuna awo sakudzutsa mutu, analowa m'nyumba.

Masana amenewo palibe anadya. A Manesi anatenga Alinafe n'kumukhazika pafupi nawo pamphasa, akumusisita pamutu.

“Usalire, mwana wa mng'ono wanga. Si mlandu wako. Iwe unachita mbali yako.”

Alinafe analira kwambiri, ndipo a Manesi anamukumbatira.

6. Kuseri kwa khitchini

Dzuwa litapendeka, Alinafe anapita kuseri kwa khitchini kukataya phulusa. Anapeza a Elizabeti akuanula zovala zawo pachingwe. Ankaanula zawo zokha.

Anafuna kubwerera, koma iwo anamuitana.

“Bwera kuno, Alinafe.”

Anayandikira, maso ali pansi.

“Ndikupita kwathu ku Msakambewa. Bambo ako aitanitsa ankhoswe, akuti nkhaniyi ikambidwe chiliza chisanachitike. Sindingagone nyumba imene akundiyesa mfiti.”

Anapinda chitenje, n'kuchiika paphewa.

“Tsiku lija pochokera kusikelo ndinapeza jagi ili pakhonde, ndi timibulu toyera pakhomo pa kachipinda. Ndinasesa. Sindinadziwe kuti feteleza wina wapita mumgolo, ndikanachotsa tsiku lomwelo.”

Alinafe anadzutsa maso.

“Bwanji simunawauze ababa?”

“Ndikanati ndinene, akanamva ndani? Akanati mayi wopeza akukankhira mlandu mwana wamasiye. Ndipo iwe ukanakana kachiwiri, pamaso pa anthu onse aja. Bodza ukalinena kawiri limayamba kukhala nyumba yako, kutulukamo kumavuta. Sindinafune kukukankhira mmenemo.”

Anapuma pang'ono, dzanja lili pamimba.

“Tamvera, mwana iwe. Kuwotcha duwa si mlandu waukulu. Unafuna kuti maluwa a mayi ako atseguke, unalakwitsa njira. Aliyense amalakwitsa. Bambo ako akanakalipa, mwina akanakhala osakuyankhula mpaka mawa, n'kutha. Koma mawu aja unanena pabwalo ndi ena. Aja sakuwotcha duwa, akuwotcha anthu. Bambo ako tsopano sakudziwa kuti akhulupirire ndani m'nyumba mwawo momwe. Mwana ali m'mimbayu ndi mbale wako, magazi amodzi. Akabadwira kwathu, anthu adzamuuza kuti mayi ake anachoka chifukwa cha nsanje ndi munthu wakufa. Ine sindikuopseza, ndipo kwa ankhoswe sindikatchula dzina lako. Mawu amenewo ndi ako. Ukawasunga, udzawasenza wekha. Ukawatula, udzawatula wekha.”



“China,” anatero a Elizabeti. “Pabedi paja, kamtengo kakumapeto kakadali kobiriwira kutsinde. Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo, mkati ndi mwamoyo. Uzikathirira kwambiri. Nthambi zakuda uzidule. Usakasiye.”

Anatenga zovala zawo n'kulowa m'nyumba. Patapita kanthawi njinga yamoto inafika. A Gregorio ananyamula chikwama cha mkazi wawo mpaka panjingapo, koma awiriwo sanayang'anane. A Elizabeti anakwera chammbali, movutikira, atagwira phewa la woyendetsa. Alinafe anaima pakhonde mpaka fumbi linatha.

7. Mboni

M'mawa mwake linali Lamulungu. Alinafe anadzuka anthu asanadzuke, n'kupita kumjigo. Anathirira kamtengo kakumapeto kaja mpaka madzi anadikha. Anatenga mpeni n'kudula nthambi zakuda. Minga inamubaya m'zala, koma sanasiye.

A Gregorio anatuluka atavala kale zopita kutchalitchi. Maso awo anali otupa. Anaima n'kumamuyang'ana akugwira ntchito.

“Ukanakhala kuti sunali kumpira, bwenzi utaona,” anatero. “Koma sindikukudzudzula. Ndine ndinalakwa kukusenzetsa katundu wa akulu.”

Anamusisita paphewa, n'kupita kukatenga njinga yawo kuseri.

Alinafe anaika mpeni pansi. Anapukuta magazi a m'zala pasiketi, n'kuyamba kuwatsatira.

“Ababa...”

“Alinafe!” Anali a Manesi, ataima pakhomo. “Tabwera kaye kuno.”

“Ndimafuna ndiyankhule ndi ababa.”

“Bambo ako ali ndi zambiri m'mutu, asiye. Bwera.”

Anamugwira dzanja n'kulowa naye kuchipinda, n'kutseka chitseko. Anamukhazika pabedi, iwo n'kukhala pafupi.

“Ankhoswe afika mawa,” anayamba motsitsa mawu. “Ine nkhani zoterezi ndaziona zambiri. Akuluakulu aja akakhala pansi amangofuna kuyanjanitsa. Adzati palibe anaona, ndiye nkhani ithe, mkazi abwerere. Bambo ako ndi munthu wofewa mtima, adzavomera. Ndiye iwe udzakhala bwanji m'nyumba muno? Ine ndili ku Ntchisi, kulira kwako sindidzakumva. Mayi ako pomwalira anandigwira dzanja ili, anati mwana wanga usadzamutaye. Mawu amenewo sindigona nawo tulo. Ndiye pakufunika mboni.”

“Mboni?”

“Eya. Iwe ndiwe unali pakhomo. Ukanene kuti tsiku lina pochokera kumpira unawaona akutuluka m'kachipinda muja, feteleza ali m'manja. Dzulo unangoopa kunena.”

“Koma amayi aakulu, ine sindinawaone.”

“Kuona n'chiyani? Wathira ndani ngati si iwo? Ndiwe?”

Alinafe anaweramitsa mutu. Panja, belu la njinga ya a Gregorio linalira, ndipo anamva matayala akudutsa pabwalo kulowera kumsewu.

A Manesi anamugwira chibwano, n'kumudzutsa nkhope kuti ayang'anane.

“Ndikuchitira iwe zimenezi, mwana wa Anjelina. Mawa akakufunsa, uima pamaso pa ankhoswe n'kunena monga ndakuuzira. Tayesa ndimve. Unawaona akutuluka kuti?”